Mlakatuli Akamwalira, Adzukulu Ake Ndani?

Adzukulu anga, ndi inu nonse amene mumakonda kucheza nane pa nkhani za miyambi ndi miyambo ya makolo athu. Lero tiyambire pa dzina lomwe ndakuitanirani nalolo. M'Chichewa mawu akuti "mdzukulu" ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba mukulidziwa nonse: mwana wa mwana wako. Lachiwiri, inu amene mudabadwira m'tauni muno mumangolimva pamaliro osalilabadira. Adzukulu ndi anthu amene amasenza ntchito yonse yolemetsa zovuta zikagwa pamudzi: kusambitsa ndi kuveka thupi, kukumba manda, kunyamula bokosi ndi kukwirira. Kwathu mwini maliro sagwira khasu. Adzukulu amachokera ku banja lina kapena ku mudzi woyandikana nawo, ndipo tsiku limene kwawoko kwagwa zovuta, ife timapita kukabweza. Paja akuluakulu adati maliro n'kulirana.

Adzukulu ali ndi ntchito inanso imene masiku ano ikunka nizilala. Pamaliro a munthu wokalamba amaloledwa kuchita nthabwala. Wina amatenga chipewa ndi ndodo ya malemu, nayamba kuyenda monga momwe iwo ankayendera, kutsokomola monga ankatsokomolera, ngakhale kukalipira ana ndi mawu omwe aja ankakonda. Anamfedwa amangozindikira akuseka, misozi ili chuchuchu m'masaya. Mlendo angayese chipongwe, koma si chipongwe ayi. Adzukuluwo amakhala akubweza mawu a munthu uja pakati pa abale ake, kuti amumvenso asanamuperekeze.

Tsono funso langa nali. Mlimi akamwalira amasiya munda, ndipo mbumba imadziwa chochita nawo. Mlakatuli amasiya mawu olembedwa papepala. Thupi lake adzukulu a makasu amalisamala, ndipo dzuwa likamapendeka ntchito yawo yatha. Nanga mabuku ake, makalata ake ndi mapepala amene ankalembapo ndi kufufuta, adzukulu ake ndani?

Funso limeneli lidandivuta kwambiri m'mwezi wa Disembala 2015, chifukwa m'sabata imodzi dziko lathu lidaona maliro awiri. Pa 11 Disembala adatisiya Pulofesa Steve Chimombo ali ndi zaka 70. Iwowa adabadwira ku Zomba m'chaka cha 1945, ndipo adaphunzitsa zaka zambiri pa Chancellor College, imene lero ndi University of Malawi. Ankalemba kwambiri m'Chingerezi, koma mizu ya zolemba zawo idali m'nthaka ya kuno. Sewero lawo la The Rainmaker, la m'chaka cha 1978, lidachokera pa mbiri ya M'bona, uja wa mvula amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Buku lawo la ndakatulo la Napolo Poems lidatuluka mu 1987. Adalembanso buku lofufuza nthano, miyambi ndi zilapi zathu lotchedwa Malawian Oral Literature, komanso adayambitsa magazini ya WASI yolimbikitsa alembi ndi aluso ena.

Kwa ana amene simumudziwa Napolo, makolo ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja phiri limang'ambika, madzi ndi miyala n'kukokolola chilichonse chopezeka m'njira yake. Napolo adadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, a Chimombo ali khanda la chaka chimodzi, ndipo adadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991, kumene anthu mazanamazana adataya miyoyo. M'masiku amene munthu sankayankhula momasuka za ulamuliro, mlakatuliyu ankalemba za chinjoka chija, ndipo amene adali ndi makutu ankamva kuti akunena za mphamvu iliyonse imene imadutsa pa anthu osapepesa. Imeneyi ndi nzeru yomwe ija ya makolo, yodzudzula mfumu kudzera m'nthano ya kalulu ndi njovu.

Nyuzipepala ndi mawayilesi zidawalira mokwanira. Ophunzira awo akale, alembi anzawo ndi akuluakulu a maphunziro adayankhula mawu okoma ndi oona. Koma nkhata zisanafote pamanda, m'bandakucha wa pa 18 Disembala, moto udanyeketsa laibulale ya Mzuzu University. Ife amene tidadutsa m'makoleji a aphunzitsi malowo timawadziwa, pakuti yunivesiteyo idakhazikitsidwa pamene padali koleji ya aphunzitsi ya Mzuzu. Malinga ndi zomwe zidalengezedwa, mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa, ndipo pakati pawo padali a m'gawo losungira zolembedwa za dziko lino, limene a malaibulale amalitcha Malawiana. Palibe adaimba nyimbo ya maliro, palibe adaika masamba pamsewu, komabe kwa ine amenewa adali maliro achiwiri, ndipo adali a alembi ambiri nthawi imodzi.

Anthu akufuna kwabwino, a kuno ndi a kunja, adathandiza ndi mabuku ena, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma tiyeni tisiyanitse. Buku la masamu kapena la sayansi likapsa, lina lofanana nalo lingagulidwe ku London kapena ku Johannesburg. Kabuku ka ndakatulo kosindikizidwa ku Limbe kapena ku Nkhoma zaka 50 zapitazo, kapena kafukufuku wa wophunzira amene adakhala pansi ndi nkhalamba za ku Mzimba nalemba zimene zidamuuza, mungakagule kuti? Nkhalambazo zidapita, ndipo ngati kope lidali limodzi, mawu awo adapita kachiwiri. Madzi akatayika saoleka.

Mungafunse chifukwa chake mabuku a alembi athu amasowa msanga chonchi. Zifukwa zilipo zingapo. Choyamba, ambiri adasindikizidwa ochepa, kamodzi kokha, pa pepala losalimba, ndipo buku likachoka pa mndandanda wa mabuku a mayeso, osindikiza sakhalanso nalo chidwi. Chachiwiri, kuyambira mu 1968 padali lamulo lounika mabuku ndi zisudzo, ndipo mabuku ena ankachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale. Buku la ndakatulo la a Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene lidatuluka ku London mu 1981, lidachotsedwa chomwecho, ndipo eni akewo adatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'zaka zimenezo anthu ena amantha ankadziwotchera okha mabuku awo kuseri kwa nyumba. Chachitatu, alembi athu angapo adakhala zaka zambiri kunja, ndipo mabuku awo adasindikizidwa komweko. Chachinayi ndi adani a m'nyumba: chiswe, njenjete, makoswe ndi denga lodontha.

Chitsanzo cha chifukwa chachitatu ndi Pulofesa David Rubadiri, amene adamwalira ku Mzuzu pa 15 Sepitembala 2018 ali ndi zaka 88. Iwo adali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations mu 1964, koma chaka chotsatira adatula pansi udindowo atasemphana maganizo ndi boma la Dr Banda. Adaphunzitsa ku Makerere ku Uganda, ku Nairobi ndi ku Botswana, ndipo atabwerera kwawo adatsogolera University of Malawi kuyambira m'chaka cha 2000. Buku lawo la No Bride Price lidasindikizidwa ku Nairobi mu 1967, ndipo buku losonkhanitsa ndakatulo zawo lidatulukanso ku Nairobi komweko mu 2004. Ndakatulo yawo ya An African Thunderstorm, yofotokoza mvula ya mkuntho ikamafika pamudzi, yakhala ikuphunzitsidwa m'sukulu za maiko ambiri, mpaka ana a ku zilumba za Caribbean adailemberapo mayeso. Koma tayesani kuyenda kuchokera pamsika wa Area 23 kudzera ku Chilinde mpaka ku Kawale, mukufunsa nyumba ndi nyumba ngati muli buku la a Rubadiri. Mudzatopa miyendo.

Anzathu a maiko ena adaiganizira bwino nkhaniyi. Malaibulale awo akuluakulu amakhala ndi chipinda chapadera cha mabuku osowa. M'menemo salola chinyezi kapena kutentha, buku silibwerekedwa kupita nalo kunyumba, ndipo wofuna kuwerenga amakhala pansi pomwepo woyang'anira akuona. Mlembi akadali moyo, amamupempha mapepala ake. Ku Australia kudali mlakatuli wotchuka dzina lake Les Murray, mwana wa mlimi wa ng'ombe za mkaka wa ku Bunyah m'chigawo cha New South Wales, amene adamwalira mu Epulo 2019. Makalata ake ndi mapepala amene ankayeserapo ndakatulo zake akusungidwa ku National Library of Australia mumzinda wa Canberra. Mlembi wotere akamwalira, osunga mabuku amatha kutulutsa makope oyamba a mabuku ake, zithunzi ndi zolemba pamanja, naziika poonekera pamodzi ndi mawu a chipepeso a anzake, anthu n'kumabwera kudzaona mwakachetechete ngati akulowa m'siwa. Mawu a chipepesowo nawonso amasungidwa, kuti mwana wodzabadwa patapita zaka 100 adzadziwe mmene anthu a nthawiyo adamulirira munthu wawo. Ndikaona zimenezi ndimati anthuwa akuchita chidzukulu, ngakhale dzinalo salidziwa. Si abale a malemu, koma ndiwo amasambitsa ndi kuika bwino chimene malemu adasiya.

Nafenso nyumba zotere tili nazo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a inu simudapondemo. Ku Zomba kuli nkhokwe ya boma ya zolembedwa zakale, imene timaidziwa ndi dzina lakuti National Archives, ndipo idayamba mu 1947. Lamulo la dziko lino limafuna kuti aliyense wosindikiza buku apereke kope kumeneko. Ku Zomba komweko laibulale ya yunivesite ili ndi gawo lake la Malawiana. Ku Blantyre, m'chipinda cham'mwamba cha Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene lidayamba mu 1946. Kuno ku Lilongwe tili ndi likulu la National Library Service ku City Centre. Anthu ogwira ntchito m'nyumba zimenezi ndiwo adzukulu a alembi athu, ndipo monga adzukulu a kumanda, sitiwakumbuka kufikira tsiku limene tawafuna.

Komabe nyumba zinayi kapena zisanu sizingasenze zonse, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo moto wa ku Mzuzu udationetsa kuti ngakhale nyumba yaikulu imapsa. Mabuku ambiri akale a dziko lino sali m'malaibulale. Ali m'mabokosi achitsulo pansi pa mabedi a aphunzitsi opuma ntchito, abusa, makatekisiti ndi makalaliki akale, m'makomboni ngati lathu lino. Ndipo tsiku limene mabuku amenewa amakhala pangozi yaikulu ndi tsiku logawa katundu wa malemu.

Ndidaziona ndi maso anga muno mu Area 23, pamaliro a mnzanga amene tidaphunzira limodzi za uphunzitsi. Sadali mlembi wodziwika, koma ankalemba ndakatulo za Chichewa m'makope a sukulu, ndipo ana ake a m'kalasi ankazilakatula pa tsiku lotsekera sukulu. Titasesa, akubanja adakhala pansi kugawa katundu. Wailesi idapeza mwini, njinga idapeza mwini, jekete ndi nsapato anthu adachita kukanganirana. Bokosi la mabuku litatsegulidwa, aliyense adayang'ana kumbali, ndipo lidakankhidwira kukhonde. Patapita masabata angapo mayi a kunyumbako adanditumizira mwana. Nditafika adati, "Ahedi, mabuku a anzanu aja akutha. Ana akumang'amba kukakulungira zitumbuwa. Ine sindidapite patali ndi sukulu, koma ndikudziwa kuti bambo ankawakonda kuposa jekete lija. Tengani amene atsala." Ndidati, "Mayi, mwachita chinthu chachikulu kuposa chiliza."

M'bokosimo ndidapezamo Nthondo, buku la a Samuel Josia Ntara limene lidapata mphotho mu 1933 ndipo a Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Mudalinso Mbiri ya Achewa ya a Ntara omwewo, Kukula ndi Mwambo ya a John Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu ya a E.J. Chadza, ndi Nzeru za Kale ya a Stevenson Kumakanga, buku la miyambi limene ambiri a msinkhu wanga tidakulira. Makope a ndakatulo za mnzanga adatsala awiri okha, ena onse adali atapita ndi zitumbuwa. Ana amene ankang'ambawo sindiwaimba mlandu. Palibe adawauzapo kuti pepala lingakhale chuma cha masiye. Mwambo wathu wogawa katundu udakhazikika nthawi imene chuma cha munthu chidali khasu, nkhwangwa, mbuzi ndi nsalu, ndipo nzeru zake zinkatsala m'mitu ya amene ankakhala naye pamoto. Lero nzeru zambiri zili papepala, koma mwambowo sudakonzedwe kuti ulandire pepala.

Wina anganene kuti, "Agogo, anthu akusowa ufa, inu mukulira mapepala?" Njala ndimaidziwa, ndipo sindinyoza mayi wokulunga zitumbuwa kuti ana ake adye. Koma taonani ndalama zimene timaononga pa chiliza: simenti, matailosi, nsalu yofanana ya banja lonse, mpunga ndi nkhuku za anthu mazana awiri. Makolo athu ankachita bona, kufulula mowa patapita nthawi kuti akumbuke malemu ndi kumasula anamfedwa, ndipo chachikulu pa tsikulo chidali kusonkhana ndi kutchula dzina la munthu uja. Sindikuletsa chiliza. Ndikungoti pa mtengo wa matumba awiri a simenti, banja lingathe kutayipitsa ndi kusindikiza makope angapo a zolemba za malemu, kapena mbiri yawo, n'kugawira ana ndi sukulu imene ankaphunzitsa. Chiliza chimakhala kumanda, kumene mwambo wathu womwe sulola munthu kupitako wamba. Buku limalowa m'nyumba ndi kukhala pamodzi ndi ana.

Tsono adzukulu anga, nazi zimene ndikukupemphani. Pogawa katundu wa malemu, mabuku ndi mapepala atchulidwe poyera monga zimatchulidwira mbuzi ndi njinga, ndipo pasankhidwe munthu mmodzi wowasunga amene banja lonse likumudziwa. Kapepala ka mwambo wa maliro kamene pamalembedwa mbiri ya malemu musamakasiye pampando kuti kauluke ndi mphepo. Kawirikawiri ndi mbiri yokhayo ya munthuyo imene idalembedwapo. Mlembi wa dziko lino akamwalira, dulani zimene nyuzipepala zalemba za iye, mulembepo tsiku, muziike m'kati mwa buku lake. Bokosi la mabuku lisagunde pansi kapena khoma. Liikeni pa njerwa kapena pa thabwa, muikemo masamba ouma a nimu, ndipo m'chilimwe muziwatulutsa mabukuwo kuti apitidwe mphepo pamthunzi. Inu amene muli ndi mafoni ojambula, jambulani tsamba ndi tsamba la zolemba pamanja za agogo anu, mutumizire abale a ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Joni, chifukwa foni nayo imatayika ndi kubedwa. Ndipo mukapeza buku losowa kwambiri limene simungathe kulisamala, pitani nalo ku laibulale. Musaone ngati mwataya. Paja kupatsa n'kuika.

Chotsiriza ndicho chachikulu, ndipo chikutibwezera ku nthabwala za adzukulu zija. Buku lotsekeredwa m'bokosi, ngakhale chiswe chisaligwire, lili ngati munthu amene waikidwa bwino koma dzina lake silitchulidwanso. Ndakatulo idapangidwira pakamwa ndi khutu. Pa tsiku la chiliza, kapena madzulo ena alionse magetsi akazima, wina aimirire awerenge mokweza zimene malemu adalemba, monga mdzukulu uja wovala chipewa cha malemu amabwezera mawu awo pakati pa abale. Aphunzitsi a Chichewa ndi a Chingerezi, mwezi wa Disembala usanafike, patulani phunziro limodzi muwerengere ana ndakatulo ya a Chimombo ndi kuwafotokozera za Napolo. Mvula yoyamba ikamaunjikana kumwamba, awerengereni ya a Rubadiri, kenako muwatulutse panja aone okha ngati mkuluyo adanama. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amakoma pokhapokha pali wina wowasunga usiku wonsewo.

Ine zaka zanga zapitirira 70, ndipo bokosi langa, limene tsopano muli ndi mabuku a mnzanga uja, lili pa njerwa zinayi kuchipinda. Tsiku langa likadzafika, adzukulu a makasu adzapezeka, chifukwa anthu a mu Area 23 sataya mnzawo. Za jekete ndi wailesi mudzagawane mmene mudzafunire. Koma bokosilo lisadzagone pakhonde ngakhale usiku umodzi. Makope awiri a ndakatulo aja mudzawabweze kwa zidzukulu za mwini wake zikadzakula, ndipo mabuku enawo mudzawerenge musanaganize kumene mungawapereke. Inu ndinu adzukulu anga pa tanthauzo loyamba mwa kubadwa. Pa tanthauzo lachiwiri ndikuchita kukupemphani.